Bawuti likathyokera m'injini

Bawuti likamathyoka, makaniko amalimva m'dzanja lisanamveke m'khutu. Sipanala imene imakana kuyenda imangofewa mwadzidzidzi, n'kuzungulira pang'ono ngati zatheka, kenako mutu wa bawuti uja n'kugwera pansi uli wokha. Thunthu lake latsalira m'injini, lodukira pakamwa penipeni pa bowo kapena m'kati pang'ono. Ntchito yosintha gasiketi, imene anapangana kuti itha dzuwa lisanafike paliwombo, yasanduka ya tsiku lonse, mwinanso yogonera.

M'magalaja a ku Ndirande, ku Biwi kapena paliponse pamene galimoto zimakonzedwera pansi pa mtengo, funso loyamba zikatere silikhala la kachotsedwe kake. Mwini galimoto amanyamuka pa tayala limene anakhalapo n'kudzasuzumira. "Amisiri, mwathyolatu ndinu. Ine ndabwera nayo ili bwinobwino." Makaniko naye sachedwa: "Bwana, limeneli linafa kale, ine ndangolipeza." Mlembi wa nkhani ino amati akamva mkangano umenewu amadabwa ndi chinthu chimodzi: mboni imakhala ili pansi pomwepo, m'dothi losakanikirana ndi oyilo, koma palibe woitola.

Mboniyo ndi mutu wodukawo. Poduka pakakhala ponyezimira ponse, pooneka kuti chitsulo chachita kupotoka, ndiye kuti bawuti linali lamoyo ndipo lathyoka lero. Koma mbali yaikulu ikakhala yakuda kapena yadzimbiri, yosalala, yokhala ndi timizere tokhota, n'kungonyezimira kambali kakang'ono, mng'alu unayamba kalekale. Unkakula pang'onopang'ono injini ikamatentha ndi kuzizira, ikamanjenjemera pamsewu wa mabampu, mpaka kunatsala kachitsulo kochepa kogwirizira mutu. Bawuti lotere likanathyoka m'manja mwa aliyense. Ngakhale lonyezimira lija silimaliza mlandu, chifukwa n'kutheka kuti dzimbiri linalimata m'bowo kotero kuti mphamvu yofunika kulitembenuza inali yoposa imene chitsulocho chikanapirira. Makaniko wa lero ndi womaliza chabe pa mzere wa anthu ambiri amene analigwirapo.

Ambiri amaganiza kuti bawuti limagwira chifukwa chothina basi. Zoona zake n'zakuti likamangidwa limatamuka pang'ono, ndipo kufuna kwake kubwerera n'kumene kumapanikiza zitsulo ziwiri pamodzi. Kutamukako kuli ndi malire, ndipo malirewo amalembedwa pamutu. Nambala ngati 8.8 imatanthauza kuti sikweya milimita iliyonse ya chitsulocho imapirira kukokedwa ndi makilogalamu pafupifupi 80 isanaduke, koma imayamba kutamukiratu osabwereranso ikafika pa magawo 8 mwa 10 a katunduyo. Bawuti la 10.9 ndi lolimba kuposa pamenepo, la 4.6 limangofika theka. Bawuti la mamilimita 8 la mtundu wa 8.8 likhoza kunyamula pafupifupi matani atatu. N'chifukwa chake anthu sakhulupirira kuti munthu angalithyole ndi manja.

Koma masamu ake ndi ochititsa manyazi. Bawuti limeneli limafuna kumangidwa ndi mphamvu ya pafupifupi 25 Nm, zomwe zikufanana ndi kukankha makilogalamu 10 kumapeto kwa sipanala ya masentimita 25. Mnyamata wophunzira ntchito akalumikiza paipi ya mita imodzi ku sipanalayo, makilogalamu awiri ndi theka okha akwana. Iye amatsamirapo thupi lonse, n'kumva kukoma kuti wamanga zolimba. Kuwonjezera apo, mphamvu yambiri yomangira, pafupifupi magawo 9 mwa 10, imathera pa kukhulana kwa mazinga ndi kunsi kwa mutu, ndipo yotsala yochepayo ndiyo imatamula bawuti. Mazinga akapakidwa oyilo kapena girizi kukhulana kumachepa, choncho dzanja lomwelo limatamula bawuti kuposa kale. Sipanala yoyeza mphamvu, imene amakaniko amati torque wrench, si yachilendo padziko. Akuti Conrad Bahr anaipanga mu 1918 akugwira ntchito m'dipatimenti ya madzi ya mzinda wa New York, atatopa ndi mabawuti a mapaipi omangidwa mopyola muyezo. Padutsa zaka zoposa 100, koma m'magalaja ambiri muyezo udakali nkhope ya womangayo: akakwinya kwambiri, ndiye kuti lathina.

Makaniko watcheru amadziwanso ngati pena padadutsa wina asanamasule n'komwe. Galimoto za ku Japan zimakonda mutu wa 12 pa bawuti la mamilimita 8 ndi mutu wa 14 pa la mamilimita 10, pamene za ku Ulaya zimakonda 13 komanso 16 kapena 17. Akapeza kuti pa injini ya Toyota pakufunika sipanala ya 13, amadziwa kuti bawuti la kufakitale linasowa ndipo wina analowetsa logula pamsika, mwina lopanda ngakhale chizindikiro pamutu.

Malo amene mabawuti amathyoka kawirikawiri ndi odziwika. Oyamba ndi pamene manifold ya ekizozi imalumikizana ndi hedi. Pamenepa kutentha kumafika madigiri mazanamazana injini ikalemedwa, ndipo usiku zonse zimazizira. Chitsulo cha mita imodzi chikatenthedwa ndi madigiri 100 chimatalika ndi mamilimita pafupifupi 1.2, pamene aluminiyamu amatalika ndi 2.3. Injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri za m'misewu yathu, ili ndi hedi ndi buloko za aluminiyamu, koma mabawuti ake ndi achitsulo. Tsiku lililonse zitsulo ziwirizi zimakokana, china kufuna kutalika kuposa chinzake.

Malo achiwiri ndi pa pampu ya madzi ndi pozungulira thermostat, pamene pamakhala timabawuti ta mamilimita 6 tofuna mphamvu ya 10 Nm yokha. Chitsulo ndi aluminiyamu zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu amadyeka n'kutulutsa ufa woyera umene umadzaza mazinga mpaka kuuma gwa. Coolant imakhala ndi mankhwala oletsa zimenezi, koma madalaivala ambiri amangothira madzi a pampopi kapena a pamjigo mu radiyeta, poti ndi aulere. Galimoto zina zimafika zitadwala kale. Imene inayenda zaka zambiri ku Hokkaido kapena ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, imatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ikuwala kunja, kunsi kuli dzimbiri lokhalokha.

Tsono lathyoka. Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongogwira masipanala ndi ndondomeko imene amatsata. Amayamba ndi njira imene ikalephera siwononga kanthu, n'kusunga zoopsa kumapeto. Vuto n'lakuti njira zofatsazo zimaoneka ngati ulesi, ndipo mwini galimoto, amene akukhulupirira kuti walakwiridwa, waima pambali akuyang'ana wotchi.

Njira yoyamba ndi kudikira. Amapala dzimbiri pakamwa pa bowo, n'kuthira mafuta olowerera, n'kumenya chiduswacho pang'onopang'ono ndi panchi kuti dzimbiri la m'mazinga lisweke, kenako n'kuchoka kukachita zina. Ambiri amathamangira WD-40, ngakhale kuti iyo inapangidwa mu 1953 ku San Diego ndi cholinga chothamangitsa chinyezi pa mizinga ya Atlas, osati kumasula mabawuti. Imathandiza ndithu, koma alipo mafuta opangidwira ntchito imeneyi amene amalowa bwino kuposa iyo. Ena amathira dizilo kapena palafini, ena brake fluid, imene imadya penti ikadonthera pena. Chilichonse mwa izi chimafuna nthawi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mawu amenewa ndi ovuta kuuza munthu amene minibasi yake yaima pamene anzake akunyamula anthu.

Chiduswa chikatsala chotulukira kunja, mwayi ulipo. Amachipala ndi tupa mbali ziwiri kuti vice grip igwire bwino, kapena ngati mazinga atsalako okwanira amamangapo manati awiri n'kuwathinitsa okhaokha kuti agwire ngati mutu. Potembenuza sakokera mbali imodzi. Amayamba ngati akumanga, pang'ono chabe, kenako n'kubweza, n'kumangopita uku ndi uku mpaka kuyendako kukule. Bawuti likalira kuti kwii, makaniko amasangalala, chifukwa kulira ndi chizindikiro choti likuyenda lonse. Loopsa ndi lofewa mwakachetechete.

Moto umathandiza, makamaka ukalunjika pa chitsulo chozungulira bowo kuti bowolo likule. Pa hedi ya chitsulo, monga ya injini zakale za dizilo za 3L ndi 5L za mu Hiace, munthu amaona mtundu ukusintha n'kudziwa polekera. Aluminiyamu sachenjeza. Amasungunuka pa madigiri 660 asanafiire n'komwe, ndipo asanafike pamenepo hedi ikhoza kupindika. Pafupi pamakhalanso mapaipi a mafuta, mawaya ndi zinthu zapulasitiki.

Njira imene mlembi amaiona kuti ndi yoyenerera kuno kwathu ndi yowotcherera nati. Owotcherera ali paliponse, amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ena ndi makina okulunga okha. Pa chiduswa chodukira pakamwa pa bowo amaikapo kawashala ka bowo lofanana nacho n'kukawotcherera, kenako pamwamba pake n'kuikapo nati yokulirapo n'kudzaza m'kati mwake ndi rodi. Bawuti lapezanso mutu. Koma phindu lalikulu si mutuwo ayi, ndi kutentha. Chiduswa chimafuna kufufuma koma bowo lachipanikiza, ndiye dzimbiri limaphwanyika, ndipo chikazizira chimanyala pang'ono. Pa hedi ya aluminiyamu pali mwayi winanso: chitsulo cha rodi sichigwirana ndi aluminiyamu, kotero mazinga a bowo amapulumuka. Pa hedi ya chitsulo pamafunika dzanja losanjenjemera, kuopa kuwotcherera chiduswa ku hedi yeniyeniyo.

Kawirikawiri nati yoyamba imathothoka. Yachiwirinso ikhoza kutero. Wosadziwa amataya mtima, koma wodziwa amaona kuti ulendo uliwonse walowetsa moto wina m'mazinga. Chachikulu n'kuleza mtima mpaka izizire asanaikepo sipanala. Ndipo asanayatse makina amachotsa waya wa batire n'kumangirira waya wa earth pafupi penipeni ndi pamene akuwotcherera, chifukwa galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta yoyendetsa injini, ndipo magetsi akasochera n'kudutsa m'mawaya ake, mtengo wa bawuti umasanduka mtengo wa kompyuta. Zonsezi zimatheka magetsi akakhalapo. Akazima, wowotcherera amakhala pansi n'kumasewera bawo, ndipo makaniko amayamba kuyang'ana makina oboolera a batire.

Kuboola ndi ntchito ya milimita. Bawuti la mamilimita 8 la mazinga wamba limafuna biti ya 6.8 kuti thunthu lonse lichoke n'kutsala mazinga okha. Kusiyana kwa manambala awiriwa kukuonetsa kuti mbali iliyonse kwatsala kamalo kongopitirira theka la milimita. Poduka sipakhala posalala, ndiye biti imafuna kutsetsereka, ndipo pambali pali aluminiyamu wofewa amene akuiitana. Ikangosochera imasiya chitsulo cholimba n'kuyamba kudya hedi. N'chifukwa chake mmisiri amayamba wasalaza poduka, n'kudinda pakati penipeni ndi panchi, n'kuyang'ana, n'kukonza, n'kuyang'ananso. Amayamba ndi biti yaing'ono n'kumakulitsa. Ena amabwezera manifold pamalo pake kuti bowo lake liwongolere biti. Amayezanso kuya kwa bowo loyandikana nalo n'kukulunga tepi pa biti, chifukwa kuseri kwa khoma lopyapyala kumadutsa madzi oziziritsa injini. Madzi akatuluka pa bowo la bawuti, nkhani yasintha.

Pali mabiti ena ozungulira chakumanzere. Amaboola ngati ena onse, koma akaluma chiduswa amachikokera mbali yomasulira, ndipo nthawi zina chimangotuluka chokha ntchito ili pakati. Zikapanda kutero, ndipo bowo likayenda mowongoka, chimatsala ndi kachitsulo kopyapyala konga waya kokhala m'mazinga, kamene amakatokosola ndi chosongoka n'kupititsamo tap yoyeretsera.

Chida chimene chimakopa anthu kwambiri ndicho chimene mlembi amachikayikira koposa. Extractor, imene ena amati easy-out, ndi kachitsulo kosongoka ka mazinga obwerera kumanzere. Umaboola pakati pa chiduswa, kukalowetsa, n'kutembenuza. Pa bawuti lothyoka chifukwa chomangidwa mopyola, limene mazinga ake ndi oyera, kamagwira ntchito mosavuta. Pa bawuti logwidwa ndi dzimbiri nkhani ndi ina. Mutu wathunthu wa bawuti la mamilimita 8 walephera kulitembenuza mpaka kuduka, tsono tikuyembekeza kuti kachitsulo kocheperapo kalitembenuze. Komanso poti n'kosongoka, kakamalowa kamatanula chiduswa n'kuchithinitsa kwambiri m'bowo. Ndipo n'kolimba mouma, kosapindika, kongoduka kuti thyo. Zimakhala ngati kuzula thekenya mothamanga: likaphulikira m'kati, chilonda chimaposa chimene unali nacho.

Extractor ikadukira m'menemo, biti wamba singaiboole, imangotentha n'kubuntha. Pamafunika ya carbide, kapena kubwerera kwa wowotcherera, kapena makina odya chitsulo ndi tinthethe ta magetsi. Njira yomalizayi inatulukira m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Soviet Union, Boris Lazarenko ndi mkazi wake Natalia anaipeza mu 1943 akufufuza chimene chimadya zolumikizira magetsi. Chapanthawi yomweyo ku America, Harold Stark, Victor Harding ndi Jack Beaver anapanga makina awo pofuna kuthana ndi vuto lomweli: mabiti ndi ma tap odukira m'zipangizo za aluminiyamu. Lero luso limeneli limasema zitsulo zolimba kwambiri m'mafakitale, koma mbali ina linabadwa chifukwa cha anthu amene anatopa ndi zothyokera m'mabowo. Kwa mwini galimoto, kufika pamenepa kumatanthauza kumasula hedi yonse, kuinyamula kupita nayo ku shopu ya zitsulo, ndi kugula gasiketi ina.

Mazinga a bowo akawonongeka sikuti hedi yatha. Pali Helicoil, kawaya ka chitsulo chosachita dzimbiri kokulungidwa ngati sipuling'i, kamene kanayamba kugwiritsidwa ntchito pa injini za ndege kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Amakulitsa bowo pang'ono, n'kudula mazinga atsopano ndi tap yake yapadera, n'kulowetsamo kawayako, ndipo bawuti la saizi yakale limalowa bwinobwino. Mu aluminiyamu, mazinga otere nthawi zambiri amalimba kuposa oyamba. Kumene kulibe Helicoil amadula mazinga a saizi yotsatira, la 8 n'kukhala la 10, zomwe zimatheka ngati khoma lili ndi mnofu wokwanira. Zomatira ndi guluu, kapena kukhomerera bawuti mokakamiza, zimangopititsa vuto kwa makaniko wotsatira, amene naye adzauzidwa kuti wathyola ndi iye.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ndalama. Pagalaja mtengo umagwirizanidwa ntchito isanayambe, ndipo umatengera dzina la ntchito: kusintha gasiketi ndi zakuti. Maola othera pa chiduswa chimodzi salowa m'pangano. Mwini galimoto amaona kachitsulo kochepa ngati chala, ka mtengo wosafika ngakhale botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo sizimulowa m'mutu kuti alipire zochuluka chifukwa cha iko. Makaniko akadziwa kuti maolawo ndi aulere, komanso kuti akuyesedwa wolakwa, amafuna zithe msanga. Amadumpha kudikira, amadumpha moto, n'kutola extractor kapena biti yaikulu. Ngozi yachiwiri, imene imakhala yodula kuposa yoyamba, imabadwa mu mkangano uja wa yemwe wathyola.

Amisiri okhwima, kaya anadutsa ku Lilongwe Technical College pansi pa ndondomeko za TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, kaya anaphunzira potumidwa masipanala kuyambira ali anyamata, amachita chinthu chimodzi chofanana. Asanagwire bawuti la pa ekizozi amaitana mwini wake. "Bwana, bwerani muone. Awa achita dzimbiri, akhoza kuthyoka. Likathyoka ndi ntchito ina, mtengonso wina. Tipitirize?" Ena amapempha kuti galimoto igone atathira mafuta madzulo. Mwini galimoto wina amaganiza kuti akufuna kumudyera, n'kupita kwa wina wosalankhula zambiri. Mlembi amaona kuti makaniko wochenjeza ndiye woyenera kumubwerera, ngakhale mawu ake ndi osakoma.

Chiduswa chikatuluka, chimwemwe chimaiwalitsa funso lotsala. Mabawuti ena onse a pamzere womwewo apsa ndi moto womwewo kwa zaka zomwezo. Chanzeru n'kuwasintha onse, kuyeretsa mabowo, kupaka mazinga girizi ya kopa yopirira kutentha, n'kukumbukira kuti mazinga opakidwa safuna kukokedwa ngati ouma. Mabawuti a hedi a injini zambiri zatsopano amamangidwa mpaka kutamukiratu mwadala, ndipo buku la galimoto limalamula kuwayeza kapena kuwataya. Koma ndalama zatha, dzuwa lapendeka, ndiye pamalowa limodzi latsopano, enawo n'kubwerera.

Ena salichotsa n'komwe. Amati bawuti limodzi la pa ekizozi si kanthu, otsalawo agwira. Kwa masabata angapo zimaonekadi choncho. Kenako m'mawa injini ikangoliza pamamveka kaphokoso ka tchi-tchi-tchi kamene kamachepa ikatentha, ndipo pambali pa manifold pamayamba kuoneka mwaye. Gasiketi yapsa pamene palibe chopanikiza, ndipo mabawuti oyandikana nawo akusenza katundu wa mnzawo. Utsi ukutuluka usanafike kumbuyo kwa galimoto. Mu Hiace ndi minibasi zina za mtundu wake, injini ili kunsi kwa mipando yakutsogolo, ndipo labala la chivundikiro chake limakhala linatha kalekale. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena mtundu, umangoyambitsa mutu ndi tulo, ndipo dalaivala amakhala pampando umenewo kuyambira m'bandakucha mpaka ulendo womaliza wa usiku.